Kabokosi kolankhula kaja kadzayamba liti kumva Cinyanja?

Pa Khirisimasi yapitayi, mwana wa amai ena acikulire a mumpingo mwathu anabwera kucokera ku Johannesburg atanyamula mphatso. Kanali kabokosi kobulungira, kukula kwake ngati kambale ka ndiwo, kokutidwa ndi nsalu yotuwa. Anakalumikiza ku malaiti ndi ku intaneti ya pa foni yake, n'kukaitana ndi dzina lake, ndipo kanavomera ndi mau a mzimai. Anakafunsa nthawi, kananena. Anakauza kuti kaimbe nyimbo, kanaimba. Adzukulu anaomba m'manja. Pamenepo agogo aja anasendeza mpando, nawerama pang'ono monga acitira polonjera mlendo, nati m'Cinsenga cao, "Muli tyani?" Kabokosi kanathwanima, kanakhala cete, kenaka kanayankha m'Cizungu kuti sikanamvetse. Anabwereza kawiri, mokweza mau. Yankho linali lomwelo. Agogo anabweza mpando wao n'kuuza mwana wao kuti mlendo wakeyo sanaleredwe bwino.

Mwanayo anabwerera ku nchito mu January. Pamene ndinapita kukawaona amaiwo mu March, ndinapeza kabokosi kali pamwamba pa kabati, katafundidwa kansalu koluka, pakati pa cithunzi ca ukwati ndi maluwa a pulasitiki.

Ndayamba ndi nkhaniyi cifukwa miyezi ino abale angapo andifunsa za tumabokosi totere. Acinyamata amati posacedwa nyumba iliyonse idzakhala nako. Mkulu wina wa mpingo anandifunsa ngati n'zoona kuti kamamvetsera zonse zokambidwa m'nyumba n'kuzitumiza kunja. Mlongo wina amene amai ake anasiya kuona anafuna kudziwa ngati kangamawawerengere mauthenga a pa foni. Maganizo anga ndi awa. Kabokosi kameneka, monga kalili lero, sikadzafala kuno ku Chipata. Cimene cidzafala ndi liu limene lili mkati mwake, ndipo lidzalowa m'nyumba zathu kudzera pa foni imene tili nayo kale m'thumba. Tsiku limene liulo lidzayamba kumva bwino cilankhulo cathu, thandizo lake ndi mavuto ake zidzafika pa ngolo imodzi.

Mmene kamagwirira nchito

Pa Cizungu amakacha smart speaker. Mkati mwake muli sipika, timaikolofoni tingapo ndi kakompyuta kakang'ono. Tina timakhala ndi sikirini ndi kamera, ndipo totere amati smart display. Liu limene limayankhalo ndi pulogramu ya kampani imene inapanga kabokosiko. La Amazon dzina lake ndi Alexa, la Apple ndi Siri, la Google linali Google Assistant koma tsopano akulisintha kukhala Gemini.

Timaikolofoni timakhala tochera khutu usana ndi usiku, koma cimene kabokosi kamadikira ndi dzina lake cabe. Kakamva dzinalo, m'pamene kamayamba kujambula zimene mukunena n'kuzitumiza pa intaneti ku makompyuta akuluakulu a kampaniyo, amene ali kutali kunja kwa dziko lino. Kumeneko mau anu amasandutsidwa zilembo, pulogramu ina imafufuza cimene mukufuna, yankho limalembedwa, kenaka limasandutsidwanso liu n'kubwezedwa m'nyumba mwanu. Ulendo wonsewu umatha musanameze malovu. Conco nzeru sizili m'kabokosimo. Kali ngati mthenga amene amathamanga ndi funso lanu kupita kwa mfumu n'kubwera ndi yankho. Intaneti ikaduka, mthenga wathyoka mwendo.

Zinthuzi si zatsopano kwenikweni. Siri anayamba mu October 2011 pa foni ya iPhone 4S. Amazon inatulutsa kabokosi kake ka Echo mu November 2014, Google inatsatira mu 2016, ndipo ka sikirini ka Echo Show kanabwera mu 2017. Ku America ndi ku Ulaya anthu anagula mamiliyoni. Ngakhale mipingo inalowamo: mu May 2018 mpingo wa Church of England unaika pulogramu yake pa Alexa, yakuti munthu akapempha, kabokosi kamunenere pemphero la pa cakudya kapena kamuuze chalichi cimene cili pafupi naye.

Koma malonda ake sanayende monga eni ake anaganizira. Anagulitsa tumabokosi motsika mtengo poyembekezera kuti anthu adzayamba kugula katundu pongolankhula. Anthu sanatero. Ambiri ankangofunsa za nyengo, kuika alamu ndi kumvera nyimbo. Nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba mu July 2024 kuti Amazon inataya ndalama zoposa madola 25 biliyoni pa zipangizo zake pakati pa 2017 ndi 2021. Ena anangosiya. Microsoft inathetsa liu lake lochedwa Cortana, ndipo amene anagula sipika ya Invoke, imene inkadalira liulo, anatsala ndi sipika wamba ya Bluetooth mu 2021. Kampani ya Meta, eni ake a Facebook, inaleka kupanga ka sikirini kake ka Portal mu 2022. Wogula kabokosi kotere adziwe kuti wagula thupi cabe. Liu ndi lobwereka, ndipo mwini wake angalitenge tsiku lililonse.

Cimene capatsanso moyo malondawa ndi mapulogramu a AI a mtundu wa ChatGPT, imene inatuluka mu November 2022. Liu lakale linkadziwa malamulo owerengeka, ndipo mukasemphanitsa mau pang'ono linkasokonezeka. Latsopanoli limaceza nanu monga munthu, limakumbukira zimene munanena poyamba, limafotokoza zinthu motalika. Mu February 2025 Amazon inalengeza Alexa+, ya mtengo wa madola 19.99 pa mwezi kwa amene salipira kale umembala wa Prime. Mu October caka comweco Google inayamba kuika Gemini m'tumabokosi take. Kumene zinthu zikupita kukuoneka: liu lolankhula bwino kuposa kale, lolipiridwa mwezi ndi mwezi, ndiponso lofuna kumva zambiri za inu.

Tsopano tibwere kwathu

Kabokosi kamafuna zinthu zitatu: malaiti osazima, intaneti yosaduka, ndi munthu wolankhula cilankhulo cimene kamadziwa. Za malaiti sindifunika kukuuzani zambiri. Tonse tikumbukira cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February 2024, madzi atatsika ku Kariba, ndipo caka cisanathe madera ena ankakhala opanda malaiti mpaka maola 21 pa tsiku. Ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika tinaphunzira kudzuka pakati pa usiku kuti tichaje mafoni. M'midzi ya ku Chipangali, ku Kasenengwa kapena ku Vubwi, nyumba zambiri zimadalira kasola kakang'ono ka nyale, wailesi ndi kuchaja foni. Foni ili ndi batire ndipo imapita nanu kumunda. Tumabokosi tambiri tilibe batire, timafa pamodzi ndi malaiti. Intaneti nayo ambiri timagula ya tsiku kapena ya sabata pa foni, osati ya m'nyumba yokhala yoyaka nthawi zonse. Starlink inafika m'Zambia mu October 2023, koma mtengo wake ukuyenera maofesi, masukulu ndi malo ogona alendo kuposa banja la wogulitsa tomato.

Komabe mavuto awiriwa munthu wa ndalama angawathetse. Lacitatu ndi limene ndalama za wogula sizingathetse. Alexa amalankhula zilankhulo zowerengeka, monga Cizungu, Cijeremani, Cifalansa, Cisipanishi, Citaliyana, Cipwitikizi, Cijapani, Cihindi, Ciarabu. Siri amadziwa zocuruka pang'ono, koma mwa onse awiri palibe amene amamva Cinyanja, Cibemba kapena cilankhulo cina cacibale ndi izi.

Cifukwa cake n'cakuti makina saphunzira kulankhula monga mwana amene amamvera amai ake pa mtondo. Amafunika kupatsidwa mau a anthu ojambulidwa, maola zikwi ndi zikwi, ndipo ciganizo ciliconse cikhale ndi zolembedwa zosonyeza cimene munthuyo ananena. Akamva mau akuti "madzi" kucokera kwa amuna, akazi, ana ndi okalamba amene mano anatha, wina ali pamsika wina ali m'nyumba, m'pamene amayamba kuwazindikira paliponse. Mu September 2022 kampani ya OpenAI inatulutsa pulogramu yomva mau yochedwa Whisper, imene anaiphunzitsa ndi maola 680,000 a mau ojambulidwa. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a maola amenewo anali a Cizungu. Ciswahili ndi Cishona zinalowamo pang'ono. Cinyanja munalibe.

Yerekezerani ndi zathu. Mu 2023 ofufuza a pa University of Zambia, motsogozedwa ndi a Claytone Sikasote, anatulutsa nkhokwe ya mau yochedwa Zambezi Voice. Muli maola oposa 80 a anthu akuwerenga mabuku m'Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi, zonse zinai pamodzi, ndi maola ena 160 a nkhani ndi zokambirana za pa wailesi amene alibe zolembedwa zake. Ndi nchito yoyamikika, ndipo n'zokondweretsa kuti aicita ndi ana a dziko lino. Koma maola 80 pambali pa maola 680,000 ali ngati kapu ya madzi pambali pa damu la Lutembwe.

Pali cinthu cina cimene cinandidabwitsa nditaciwerenga, ndipo cikutikhudza ife a mpingo. Mu May 2023 kampani ya Meta inalengeza kuti yapanga pulogramu yomva ndi kulankhula zilankhulo zoposa 1,100, ndipo Cinyanja cili pa mndandandawo. Kodi mau ojambulidwa okhala ndi zolembedwa zake anawapeza kuti m'zilankhulo zambiri conco? Anawapeza m'Cipangano Catsopano. Mabungwe monga Faith Comes By Hearing akhala zaka zambiri akujambula anthu akuwerenga Malemba m'zilankhulo zao, kuti osadziwa kuwerenga amve. Ena a inu munaonapo timawailesi tao ta Proclaimer, toyendera dzuwa kapena kupukusa ndi dzanja. Mau amenewo ndi amene makina anaphunzirirapo, pafupifupi maola 32 pa cilankhulo ciliconse. Taganizani: a William Murray ndi anzao, azungu ndi eni cilankhulo, amene anatsiriza Buku Lopatulika mu 1922, anathandiza kukhazikitsa kalembedwe ka Cinyanja. Pambuyo pa zaka zambiri owerenga ena anakhala m'situdiyo n'kuika Malemba m'mau. Palibe mmodzi wa iwo amene analota kuti akuphunzitsa kompyuta. Ndipo sindikhulupirira kuti owerengawo, pamene ankakhala kutsogolo kwa maikolofoni, anaganizapo kuti liu lao lidzagwira nchito kwa kampani ya ku California.

Koma wowerenga Malemba amawerenga modekha, m'cipinda copanda phokoso, ndipo ambiri a owerengawo anali amuna. Ndani amalankhula conco pa Saturday Market? Ife a ku Chipata m'ciganizo cimodzi timaikamo zilankhulo zitatu. Mnyamata wa njinga adzakuuzani kuti, "Nifuna kutuma ndalama pa mobile money koma network yavuta lomba." Makina ophunzitsidwa ndi Cinyanja ca m'buku angagwe pa mau oyamba omwe. Onjezanipo kukwera ndi kutsika kwa liu, kumene sitikulemba koma timakumva: mtengo wa mango ungakhale umene mwana wakwera, kapena umene wogulitsa wakweza.

Ngakhale n'tero, zinthu zikuyenda. Google Translate inayamba kumasulira Cicewa colembedwa mu December 2014. Mu October 2024 Google inalengeza kuti yaonjezera zilankhulo 15 za mu Africa pa kufufuza ndi mau, pa kulemba polankhula ndi kiyibodi ya Gboard, ndi pa Translate, ndipo Cicewa cili pakati pa zimenezo pamodzi ndi Cishona, Cihausa ndi zina. Izi zikutanthauza kuti pa foni ya Android mungathe kulankhula, foni n'kumalemba. Sikunafike poceza nanu monga Alexa amacezera ndi mzungu, koma khutu layamba kutseguka. Onani kuti latsegukira pa foni, osati pa kabokosi. Onaninso dzina limene analemba, Chichewa. Tidziwa kuti Cicewa ca ku Lilongwe ndi Cinyanja ca ku Kapata ndi pacibale koma si mapasa. Cinsenga ca agogo aja, Cikunda ca ku Mambwe ndi Citumbuka ca ku Lundazi zidzadikira nthawi yaitali kuposa pamenepa.

Liu la pa foni

Amene muli pa MTN mwina munaimbapo 667, nambala imene bungwe la Viamo limaikapo mauthenga ojambulidwa a zaumoyo, zaulimi ndi zina m'zilankhulo za kuno. Mumamvera, n'kumadina manambala kuti musankhe nkhani. Mu 2023 bungwe lomweli linayesa m'Zambia muno njira yatsopano yochedwa Ask Viamo Anything: munthu amaimba, amafunsa funso lake ndi pakamwa, ndipo pulogramu ya AI imamuyankha ndi liu. Sipafunika intaneti kapena foni yodula. Kafoni ka mabatani kamene amai amamangirira pa citenje n'kokwanira. Kunena zoona, ameneyu ndiye Alexa wa kwathu, ngakhale alibe kabokosi koika pa thebulo.

Kuseri kwa malire a Mwami kuli citsanzo cina. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayambitsa ku Malawi pulogramu yochedwa Ulangizi, ya pa WhatsApp. Mlimi amafunsa m'Cicewa kapena m'Cizungu, polemba, polankhula, kapena potumiza cithunzi ca mbeu yodwala. Zinthu ziwiri zinandikondweretsa pa kapangidwe kake. Coyamba, mayankho amacokera m'buku la malangizo la unduna wa zaulimi wa dziko limenelo, osati paliponse pa intaneti. Caciwiri, m'midzi yambiri foni imakhala ndi munthu wophunzitsidwa amene amayendera alimi, kufunsa m'malo mwao ndi kuwafotokozera yankho. Pakati pa makina ndi mlimi pali munthu wodziwika dzina ndi mudzi wake.

Ife a kum'mawa kufunsa nzeru kwa liu losaoneka sitikuyamba lero. Kuyambira pamene a Mike Daka anatsegula Breeze FM, anthu akhala akulembera makalata Gogo Breeze, kudandaula za malipiro, za feteleza, za m'banja, mpaka mphunzitsi wa pa yunivesite ya Cambridge, a Harri Englund, analemba buku la iwo mu 2018. Koma Gogo Breeze ankatha kunyamuka kupita kumene kwacokera dandaulo, kukamva mbali zonse ziwiri, ndipo akalakwitsa anthu ankadziwa kowapeza. Liu la m'makina silipita kumudzi, ndipo likalakwitsa palibe citseko cokagogoda.

Amene adzapindula koposa si acinyamata amene zala zao zimathamanga kale pa foni. Ndi amai amene anasiya sukulu mu giredi 3 ndipo amapempha mwana wa aneba kuti awawerengere uthenga wa ndalama, pamodzi ndi nambala yao yacinsinsi. Ndi abambo amene maso acita nkhungu ndi ukalamba. Ndi ana ndi akulu amene anaphunzira pa sukulu ya osaona ku Magwero, pamalo pamene amishoni a Dutch Reformed anayambira nchito yao mu 1899. Kwa munthu wosaona, foni imene angailamule ndi pakamwa m'cilankhulo cake imacotsa kufunika kwa womuwerengera pa zinthu zimene sangafune kuti wina azidziwe. Ici cokha cimandicititsa kulakalaka kuti makinawa afulumire kuphunzira.

Zoyenera kusamala nazo

Liu losalala silitanthauza yankho loona. Mu December 2021 mwana wa zaka 10 anapempha Alexa kuti amupatse masewera oyesa kulimba mtima, ndipo anamuuza kuti alowetse pulagi mwatheka pa soketi n'kukhudzitsa ndalama yacitsulo pa mano ake. Amai ake anali pafupi ndipo anamuletsa. Amazon inavomera n'kukonza. Mapulogramu atsopanowa ali ndi cizolowezi cina coipa: akasowa yankho amapeka, ndipo amanena zopekazo molimba mtima mofanana ndi zoona. Angakuuzeni mlingo wolakwika wa mankhwala a mwana kapena a mbozi za m'cimanga. Angakupatseni ndime ya m'Baibulo yomveka bwino imene mukatsegula buku simuipeza pamene anenapo. Malinga akulankhula Cizungu, ambiri timawakayikira. Akadzayamba kutiyankha m'Cinyanja cabwino, ndi ulemu wonse wa "inde amai", tidzawakhulupirira msanga monga timacitira ndi munthu wakwathu amene takumana naye pa ulendo. Pa nkhani ya mankhwala, funsani ku cipatala. Pa ya munda, funsani mlangizi wa zaulimi.

Tsopano funso la mkulu uja. Kodi kamamvetsera zonse? Mwa kapangidwe kake, ai: kamatumiza zokhazo zimene zanenedwa pambuyo pa dzina lake. Koma kamalakwitsa kumva, n'kudzuka popanda wokaitana. Mu May 2018 banja lina ku Portland, m'dziko la America, linapeza kuti Echo yao inajambula zimene ankakambirana m'nyumba n'kuzitumiza kwa munthu wina wa pa mndandanda wa manambala ao. Mu April 2019 bungwe la nkhani la Bloomberg linaulula kuti panali anchito zikwi amene ankamvera tizidutswa ta mau ojambulidwa kuti akonze pulogramuyo. Mu 2023 Amazon inavomera kulipira madola 25 miliyoni ku boma la America pa mlandu wosunga mau a ana. Mu January 2025 Apple inavomera kulipira madola 95 miliyoni pa mlandu wakuti Siri ankajambula anthu mosayembekezera, ngakhale kampaniyo sinavomere kulakwa. Ndipo kuyambira pa 28 March 2025 Amazon inacotsa mwai umene tumabokosi tina tinali nao woletsa kutumiza mau ku makompyuta ake.

Mpaka pano cilankhulo cathu cakhala mpanda wathu. Cimene kabokosi kanajambula mwangozi m'Cinsenga cinali phokoso cabe kwa wocilandira. Mpanda umenewu ukugwa, ndipo ukugwa ndi nchito yomweyo imene ndayamikira pamwambapa. Ganizani zimene zimakambidwa pa balaza m'nyumba zathu. Ankhoswe amabwera kudzakonza banja limene lagwedezeka. Alangizi amakhala ndi mtsikana wofuna kulowa m'banja. Abusa amayendera wodwala, ndipo wodwalayo amaulula matenda amene sanauze ngakhale ana ake. Zambia ili ndi lamulo loteteza nkhani za munthu, Data Protection Act ya 2021, ndipo limaika nkhani za thanzi ndi za cikhulupiriro pakati pa zofunika kusamalidwa mwapadera. Lamulo n'labwino, koma sindiona agogo a ku Chiparamba akutengera ku khoti kampani ya ku Seattle. Cophweka n'ici: tumabokosi tambiri tili ndi batani lotseka maikolofoni, ndipo tonse tili ndi pulagi. Alendo a nkhani zolemera akafika, zulani. Pa foni, lowani m'makonzedwe ake muzime zoti izidzuka ikamva "Hey Google" kapena "Hey Siri" ngati simuzigwiritsa nchito. M'misonkhano ya akulu a mpingo yokamba milandu ya anthu, ine ndingakonde kuti mafoni azisiyidwa m'dengu pakhomo.

Ka sikirini ndi kamera kali ndi nkhani yake. Ana amene ali ku London kapena ku Johannesburg amakakonda cifukwa tina timalola wacibale kuonekera m'nyumba popanda kholo kudina ciliconse. Kwa kholo lokhala lokha limene lingagwe m'nyumba, ici ndi cithandizo. Koma kholo si mwana wakhanda. Lifunsidwe coyamba, lidziwe pamene kamera ili, lisonyezedwe kotsekera kake, ndipo kasaikidwe kucipinda cogona.

Vuto limene ndiona kuti lidzatifika msanga kuposa onsewa ndi la akuba. Luso limene limapatsa makina liu limathanso kutengera liu la munthu weniweni, ndipo pamafunika mau ocepa cabe, monga a mu uthenga wa WhatsApp kapena vidiyo ya pa Facebook. Tonse tinalandirapo kale uthenga uja wakuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, ndipo ambiri tinaphunzira kuunyalanyaza. Koma bwanji foni ikalira usiku, mau ali a mwana wanu wa ku Lusaka, akulira kuti wagwidwa ndipo pakufunika K2,000 mwamsanga? Kumaiko a azungu zimenezi zikucitika kale. Kuno cotichinga cakhala cilankhulo comweco. Dulani foni, muimbire mwanayo pa nambala imene mumaidziwa. Ngati sakuyankha, imbirani amene amakhala naye. Mabanja agwirizane funso limene mlendo sangaliyankhe, monga dzina la ng'ombe imene ambuye anali nayo kapena mudzi umene amai anabadwira. Nambala ya wakubayo mungaineneze ku ZICTA podina *707#.

Kwa mlongo uja wa amai osaona, ndinamuyankha kuti asataye ndalama pa kabokosi. Mafoni a masiku ano ali ndi pulogramu yowerenga mokweza zimene zili pa sikirini, koma liu lowerengalo kawirikawiri limakhala la Cizungu, ndipo likakumana ndi mau athu limawapotoza mpaka mwini cilankhulo sawazindikira. Pakali pano cothandiza n'cakuti ana ndi adzukulu asiye kulembera amaiwo mauthenga, aziwatumizira mau ojambula pa WhatsApp, ndipo wina awaphunzitse pamene cala ciyenera kugwira kuti amvere ndi kuyankha. Amene muli ndi foni ya Android yesani kuonjezera Chichewa pa zilankhulo za Gboard, mudine kacithunzi ka maikolofoni, mulankhule ciganizo cimodzi monga mumalankhulira kunyumba, muone cimene ilemba. Mukatero mupatse agogo nao ayese, cifukwa pa mau ao m'pamene mudzadziwa pamene makinawa afika.

Kabokosi ka pa kabati kaja kanatsika mwezi wathawu. Mdzukulu wina anapeza kuti kamalumikizika ndi foni pa Bluetooth, ndiye malaiti akakhalapo amaikapo nyimbo zimene kwaya ya amai inajambula pa msonkhano wa cigawo. Agogo amakhala pafupi n'kumatsatira, koma batani la maikolofoni anauza mdzukuluyo kuti likhale lotseka.